Kabokosi Kothandiza Mwana Kukumbukira Zimene Wawerenga

Mayeso a MSCE akayandikira, m'nyumba zambiri nyali imachedwa kuzima. Mwana amakhala pampando, kope lili pamwendo, mwina mapazi ataviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisamugwire. Ife makolo tikaona zimenezi mtima umakhala m'malo, timati mwana akulimbikira. Koma tsiku la mayeso amabwera nkhope ili yakugwa: "Amayi, zonse zija ndinawerenga, koma zangondithawa." Kunama sakunama, anawerengadi. Cholakwika chinali kawerengedwe kake, ndipo fizi ya zaka zinayi ikhoza kulowa m'madzi chifukwa cha chimenecho.

Kuiwala si matenda. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha kwa nthawi yaitali. Iye ankaloweza timawu topanda tanthauzo, kenako n'kumayeza kuti tatsala tingati m'mutu pakapita nthawi. Anapeza kuti munthu amaiwala kwambiri poyambirira penipeni: pakutha pa ola limodzi, zoposa theka la zimene anavutikira zinali zitapita. Pambuyo pake kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono. Anaonanso kuti kubwereza kwa masiku angapo kumapindula kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Mlimi wa kudimba akudziwa kale zimenezi. Sathira madzi a mwezi wonse m'mawa umodzi.

Funso n'lakuti, kubwereza kotani? Ana ambiri amabwereza pongowerenganso notsi ndi kudula mizere kunsi kwa mawu. Tsamba ukaliona kachitatu limaoneka lachizolowezi, ndiye umadzinamiza kuti walidziwa. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University ku St. Louis, m'dziko la America, anapatsa ophunzira nkhani yaifupi kuti awerenge. Ena anaiwerenganso kachiwiri. Ena analandidwa nkhaniyo n'kuuzidwa kuti alembe zonse zimene akukumbukira. Patapita mphindi 5 owerenga kawiri aja ndiwo anali patsogolo. Koma patatha mlungu umodzi zinthu zinatembenuka: olemba za m'mutu anakumbukira mfundo 56 pa 100 zilizonse, pamene anzawo anakumbukira 42 zokha. Kudzifunsa kumatopetsa, mutu umachita kuwawa, n'chifukwa chake ana amakuthawa. Komatu kuvutika kofufuza yankho m'mutuko ndiko kumakhazikitsa mfundo.

Apa ndi pamene timakadi timathandiza. Musagule kanthu. Katoni ya sopo, chikuto cha kope lakale kapena kalendala ya chaka chatha n'zokwanira. Dulani tizidutswa tokwana m'dzanja. Kutsogolo mwana alembe funso limodzi, kuseri yankho lake lalifupi. "Mtima wa munthu uli ndi zipinda zingati?" Kuseri: 4. "7 x 8?" Kuseri: 56. "Malawi analandira ufulu wodzilamulira chaka chanji?" Kuseri: 1964. Kadi limodzi, mfundo imodzi. Mwana akakopera ndime yonse pakadi, wangopanga kope lina laling'ono. Alembe yekha, m'mawu akeake, pakuti kusankha chofunika kulemba ndi kuphunzira kale. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: atchule yankho mokweza asanatembenuze kadi. Kusuzumira kuseri n'kunena kuti "ee, ndimadziwa" n'kudzibera wekha.

Makadi akachuluka, mwana sangawaone onse tsiku lililonse. Mtolankhani wa za sayansi wa ku Germany, Sebastian Leitner, anafotokoza njira yothetsera vutoli m'buku lake la mu 1972. Bokosi lake linali ndi zigawo zisanu, koma pakhomo zitatu zikukwana. Katoni ya nsapato yogawidwa patatu ichita, ngakhale maenvulopu atatu. Makadi onse atsopano amayambira m'chigawo choyamba, chimene mwana amachiona tsiku ndi tsiku. Kadi limene wayankha bwino limasamukira m'chigawo chachiwiri, choonedwa kawiri pamlungu, tinene Lachiwiri ndi Lachisanu. Akalikhozanso limapita m'chachitatu, cha Lamlungu lokha. Akalephera kadi lililonse, ngakhale litafika kale kumapeto, limabwerera koyamba popanda kulichitira chisoni. Motero nthawi yambiri imathera pa zovuta, osati pa zimene mwana akuzidziwa kale, zomwe n'zimene ana amakonda kubwereza chifukwa zimawasangalatsa. Pa Sabata bokosi la sukulu lipume. Silitaya kanthu, pakuti njira yonseyi imadalira mpata wapakati. Mabanja amene amavutika ndi vesi loloweza la Sukulu ya Sabata angayese njira yomweyi: buku, chaputala ndi vesi kutsogolo, mawu ake kuseri.

Ubwino wina ngwakuti kholo limene silinapite patali ndi sukulu likhoza kuthandiza. Yankho lili kuseri, ntchito yanu n'kufunsa ndi kuyerekeza. Mphindi 15 podikira kuti ndiwo zipse n'zokwanira. Sakanizani makadi kuti mwana asaloweze ndondomeko yake. Akaphonya musakalipe, kadi lophonyedwa lamuonetsa pofooka mayeso asanafike. Amene ali ndi foni yamakono angaikemo pulogalamu ya Anki, yomwe ndi yaulere pa mafoni a Android ndipo imasankha yokha tsiku loti kadi libwerenso. Ine ndimakondabe katoni. Sifuna kutchaja, ndipo mulibe WhatsApp.

Tisawatamande mopyola. Makadi ngabwino pa matanthauzo a mawu, zaka, mafomula, mawu atsopano a Chingelezi. Samuphunzitsa mwana kulemba chimangirizo kapena kusova samu yaitali. Zimenezo zimafuna pensulo, mapepala a mayeso a MANEB a zaka zam'mbuyo, ndi mphunzitsi woti afotokoze pamene sipakumveka. Mwana asalembe pakadi chinthu chimene sanachimvetse. Angachiloweze, koma funso likabwera mwa njira ina asowa pogwira.

Tibwerere ku beseni lija. Munthu akagona, ubongo umabwereza ndi kusunga zimene waphunzira masana, kotero kuchezera usiku wonse n'kudula ntchito pakati. Madokotala oona za tulo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Mwana amene anayamba bokosi lake kumayambiriro kwa teremu, usiku woti mawa ndi mayeso amangoona makadi ochepa otsala m'chigawo choyamba, n'kuzima nyali nthawi ya masiku onse.