ZA NYUMBA ZOBWEZA MAU

Palibe mwa inu a m'midzi ya Phalombe wosadziwa masewera a ana opita kukatola nkhuni m'tsinde mwa phiri la Michesi. Mwana aima moyang'ana thanthwe, napfuula kuti "Uuu!" ndipo thanthwe limyankha "Uuu!" Anzace aseka, nati phiri lalankhula. Kuphiri cinthu cimeneci cikondweretsa. Koma cikalowa m'chalichi, m'sukulu, kapena m'nyumba ya misonkhano, cisanduka bvuto. Agogo akhala kumbuyo kuyambira poyamba mpaka pomariza, ndipo pobwerera afunsa mdzukulu pa njira kuti, "Kodi paja alengeza ciani za tsiku la sikelo ya ana?" Anthu angoti makutu a agogo adatha. Koma taonani, mdzukuluyo nayenso sadamve bwino, pakuti kawiri-kawiri wolakwa si khutu iai, koma nyumbayo.

Mau ayenda mu mpweya monga mafunde ayenda pa nyanja ya Chilwa, ndipo pa sekondi imodzi atha mtunda wa mamita ngati 343. Akagunda cinthu colimba ndi cosalala abwerera, monga ucitira mpira woponyedwa pa khoma. Thanthwe likakhala pa mtunda wa mamita 17 kapena kuposa, mau obwererawo afika mocedwa, ndipo khutu liwamva paokha. Ndiko kuyankha kwa phiri kuja. Koma m'cipinda ca mamita 10 mau aoloka kucokera khoma lina kufika linzace maulendo 34 pa sekondi imodzi. Apo khutu silingathe kuwalekanitsa. Liu loyamba lisanafe laciwiri lafika kale, lacitatu lagwera pomwepo, ndipo wokhala kumbuyo angomva wowowo.

Makolo athu bvuto limeneli sadalidziwe kweni-kweni. Machalichi ndi masukulu a m'midzi adali ofolera ndi udzu, ndipo udzu umwa mau monga mcenga umwa madzi. Lero timanga ndi njerwa zoocha, tipaka simenti pa khoma ndi pansi, tiika magalasi, ndi kufolera malata opanda siling'i. Ndipo namondwe Freddy atagwetsa nyumba ndi masukulu kuno ku Phalombe ndi ku Mulanje m'mwezi wa Marichi 2023, ali yense womanga afuna colimba. Nkoyenera kutero. Koma tidziwe kuti zolimba zonsezi zibweza mau, ndipo nyumba yomangidwira kumva Mau a Mulungu kapena mau a mphunzitsi ikalephera kumveketsa mau, nchito yace yatheka theka lokha. Osauka nazo koposa ndiwo okalamba, ndi tiana timene tiphunzira m'cinenero cimene sitinacizolowere.

Munthu amene adayamba kuyesa cinthu cimeneci mwa nzeru ndiye Wallace Sabine, mphunzitsi wa pa sukulu yaikuru ya Harvard ku Amerika. M'caka ca 1895 akuru a sukuluyo adampatsa nchito yokonza cipinda cophunziriramo ca m'nyumba yochedwa Fogg Art Museum, m'mene liu limodzi linkakhala masekondi oposa asanu lisanazirale. Iye adagwira nchito usiku, mudzi uli zii, ali ndi citoliro ndi wochi. Pamodzi ndi omthandiza ankasenza mapilo okhalira a m'nyumba yina yochedwa Sanders Theatre, nawayala m'cipindamo, naliza citoliro, nawerenga nthawi imene mau akhala. Kusanace ankabweza mapilo aja kwa eni ace. Potero adapeza lamulo ili: cipinda cikakula mau akhalitsa, zofewa zikacuruka mau afa msanga, ndipo mukaonjeza zomwa mau kufika kawiri, nthawi ija itsika ndi theka. Adapezanso kuti thupi la munthu mmodzi limwa mau monga mapilo asanu ndi limodzi. Ndi cifukwa cace chalichi codzaza pa Paskha cimveka bwino koposa pa tsiku la pakati pa sabata. Nzeru yaceyo adamangira nyumba ya nyimbo ya ku Boston, Symphony Hall, imene idatsegulidwa m'caka ca 1900, ndipo ichuka kufikira lero.

Masiku ano nchito ya mapilo aja igwiridwa ndi zidutswa za siponji zomata pa khoma, zimene amalonda azicha acoustic foam. Zambiri ziri zotuwa kapena zakuda, zamizere ngati munda wolimidwa, ndipo muziona m'zipinda zoulutsira mau a wailesi ndi zojambuliramo nyimbo. Siponjiyo iri ndi timabowo tosawerengeka tolumikizana. Mau akalowamo akhulana ndi timakoma ta timabowoto, mphamvu yao nitha, ndipo obwerera atsala ocepa. Ya kucindikala kwa masentimita 5 igwira bwino mau a munthu wolankhula, maka-maka aja ang'ono-ang'ono amene asiyanitsa liu ndi linzace. Yopyapyala icita pang'ono pokha. Koma kugunda kwa ng'oma yaikuru siponji yotere siikugwira iai.

Tsono musanaturutse ndalama za mpingo kapena za komiti ya sukulu, imvani zinthu ziwiri, pakuti safunsa adadya phula.

Coyamba, siponji siitseka phokoso la kunja. Cigayo cikalira pafupi, kapena zoimbira za pa malo a mowa zikasokosa, mudzazimvabe ngakhale mumate khoma lonse. Mau a kunja atsekedwa ndi zolemera: khoma locindikala, citseko cokhuthala, ndi kutseka mipata imene mphepo ilowera. Momwemonso mvula yogunda pa malata icepetsedwa ndi siling'i, osati ndi zomata pa khoma. Nchito ya siponji ndi imodzi yokha, ndiyo kumwa mau obwerera a m'kati mwa cipinda. Ndipo amene ayesa kuti cokuzira mau cacikuru cidzathetsa bvutoli adzinyenga. Pakuti mukakweza mau a wolankhula mwakwezanso obwererawo.

Caciwiri ncoopsa. Siponji yambiri ipangidwa ndi mankhwala ochedwa polyurethane, omwewo a matiresi athu ogonera, ndipo ikagwira moto iyaka ngati udzu wa mwezi wa Okutobala, nituruka utsi wakuda wakupha. Pa 20 Februwale 2003, m'nyumba yobvinira yochedwa The Station, m'mudzi wa West Warwick ku Amerika, woyang'anira ulendo wa oimba adayatsa makombola, moto nugwira siponji yomata pa makoma, ndipo anthu 100 adafa. Pa 27 Januwale 2013 zomwezo zidacitikanso m'nyumba yochedwa Kiss, m'mudzi wa Santa Maria ku Brazil. Kumeneko siponji idali ku denga, ndipo adafa anthu 242, ambiri a iwo anyamata ndi atsikana a sukulu, otsamwa ndi utsi. Ife m'nyumba zathu zosonkhanira tiyatsa makandulo, tiloweza makala a lubani, ndipo mawaya ena a magetsi ali olumikiza-lumikiza. Cifukwa cace wodula matiresi akale ndi kuwamata pa khoma la chalichi kapena sukulu waitana tsoka. Pali siponji yokonzedwa kuti isayake msanga, monga ija ya melamine, koma mtengo wace ngwokwera. Mukafuna kugula, funsani wamalonda ngati siponjiyo idayesedwa pa moto; ndipo musakhutire ndi mau ace okha. Dulani kacidutswa, pitani nako pabwalo, mukayatse ndi macesi. Kakayaka lawi-lawi ndi kudontha moto, cinthuco cisalowe m'nyumba ya anthu ambiri.

Nanga osowa ndalama atani? Asataye mtima, pakuti Sabine uja adalibe siponji; cipinda cace adacikonza ndi nsaru zokhuthala za ubweya. Ife tiri nazo mphasa za bango, mikeka ya mlaza, ziguduli ndi nsaru. Mphasa yongokhomera pa khoma icita zocepa. Koma mmisiri wa matabwa akakhoma cimango cakuya ngati cikhatho, nadzaza m'kati mwace ndi ziguduli zoyera kapena mabulangete akale, naphimba pamaso ndi mkeka kapena citenje, ndiye kuti mwapanga comwa mau cabwino ndi zinthu za pa mudzi. Makatani okhuthala, opindika-pindika, opacikidwa motalikira pang'ono ndi khoma, athandizanso. Siling'i ya matabwa ofewa iposa zonsezi, popeza iphimba malata, nicepetsa kutentha ndi phokoso la mvula lomwe. Makatoni a mazira, amene ena awatama cifukwa afanana ndi siponji m'maonekedwe, ngopyapyala ndipo athandiza pang'ono cabe. Kumbukiraninso kuti mphasa ndi nsaru nazo zipsa. Zikhale kutali ndi kandulo, koloboyi ndi mawaya, ndipo muzizitsitsa kamodzi pa caka kuona ngati mbewa ndi ciswe sizinamangemo.

Poyamba nchito citani motere. Lowani m'nyumbamo muli awiri, mopanda anthu ena. Wina aime pakati naombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Mau akafa pomwepo, nyumbayo iribe mlandu. Akapitirira kulira sekondi yathunthu kapena kuposa, ifuna mankhwala, pakuti m'cipinda cophunziriramo mau ayenera kuzirala sekondi isanakwane. Kenaka wina aime pamene aima mphunzitsi kapena mlaliki, nawerenge maina 20 osazolowereka, mnzace ali kumbuyo kulemba amene wamva. Sungani pepalalo. Yambani kuphimba khoma la kumbuyo, loyang'anizana ndi wolankhula, pakuti ndilo libweza mau ambiri. Pambuyo pace phimbani makoma a m'mbali, pa msinkhu wa mutu wa munthu. Ndipo pa makoma awiri oyang'anizana kuphimba limodzi kukwanira poyamba. Mubalalitse zidutswazo, osaziunjika pamodzi. Siponji musaipake penti, cifukwa penti atseka timabowo tija. Mukatha bwerezani kuwerenga maina ena 20, ndipo mapepala awiriwo adzakuuzani ngati ndalama yagwira nchito.

Musaphimbe nyumba yonse. Cipinda cophedweratu mau citopetsa wolankhula, ndipo akwaya adzadandaula kuti nyimbo zauma, pakuti kuimba kukoma pamene mau akhalako pang'ono. Cofunika ndico kuti wokhala pa benchi lomariza amve liu liri lonse monga wokhala patsogolo.

Inu makolo, mawa lino funsani mwana wanu kumene akhala m'kalasi, ndiponso ngati amva zonena mphunzitsi. Pakuti alipo ana oyesedwa ogona m'mutu amene angosowa kumva. Inu akuru a mpingo ndi a komiti ya sukulu, pokonza ndalama za njerwa ndi malata ikanipo mzere wa siling'i, ndipo yang'anirani kuti zitseko zitsegukira kunja, zosakhomedwa ndi loko anthu ali m'kati. Akale adati mau a akuru akoma akagonera. Koma ayenera kugonera mu mtima wa wakumva, osati m'malata. Lamulungu likudzali, anthu atabalalika, tsalirani awiri, muombe m'manja kamodzi, mumve cimene nyumba yanu iyankha.