Mphamvu ya Mkhristu Popemphera m'Nyumba Mwake



Usiku wina m'mwezi wa Febuluwale, anthu ali mkati mothyola fodya, ndinamva munthu akuodira pakhomo panga. Anali bambo wina wa mumphakati mwathu. Mwana wake wa zaka zinayi anali atatentha thupi masiku awiri, ndipo madzulo omwewo matalala anang'amba fodya m'munda mwake, nasiya munda wa mnansi wake uli wosakhudzidwa. M'mudzi manong'onong'o anali atayamba kale. Bamboyo anati: "Aphunzitsi, tiyeni mukatipempherere, pakuti ife pemphero lathu silikwera."

Nditafika, ndinapeza banja lonse lili duu mumdima. Mtanda unali pakhoma, Korona ili lende pamsomali, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wogwada. Pamphasa panali kabotolo ka madzi, kamene anagula kwa munthu wina wodzitcha mneneri ndi ndalama za ngongole, poyembekeza kudzabweza akagulitsa mabelo ku Chinkhoma. Ndinamuuza bamboyo kuti aike dzanja lake pamutu pa mwana, amlembe chizindikiro cha mtanda. Dzanja lake linanjenjemera ngati la munthu wogwira chinthu cha eni. Titapemphera, tinanyamula mwanayo panjinga usiku womwewo kunka naye kuchipatala, kumene anapeza kuti ndi malungo, ndipo anachira. Koma mawu aja anatsala mumtima mwanga, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba izi.

Mphamvu imeneyi ichokera kuti?

Kumbukirani tsiku limene munapereka mwana wanu ku Ubatizo. Wansembe atamthira madzi, anamdzoza paliwombo ndi mafuta a Krisima. Kale mafuta ankadzoza nawo ansembe, aneneri ndi mafumu okhaokha. Nanga khanda losadziwa ndi kulankhula komwe alidzozeranji? Eklezia atiphunzitsa kuti wobatizidwa aliyense alumikizidwa ndi Khristu, nalandirako gawo la unsembe wake, uneneri wake ndi ufumu wake. Aepiskopi a dziko lonse, pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, anabwereza chiphunzitso chimenechi momveka m'chaka cha 1964. Ananena kuti unsembe wa odzozedwa ndi wina, ndipo unsembe wa obatizidwa onse ndi wina, koma yonse iwiri ichokera kwa Khristu mmodzi. Banja lachikhristu analitcha Eklezia wa m'nyumba.

Taganizirani za nyakwawa ya mfumu. Ikafika pabwalo ndi kulankhula, anthu amakhala chete, ngakhale nyakwawayo ikhale yosauka, yovala chikhoti chazigamba. Anthuwo alemekeza mwini mawu amene waituma. Mkhristu naye ali chomwecho. Popemphera adza m'dzina la Yesu, ndipo Atate amamva mawu a Mwana wao m'kamwa mwa mayi wosadziwa kuwerenga, monga momwe awamvera m'kamwa mwa munthu wophunzira ku seminale. Ineyo ndinakhala zaka pa benchi la seminale, koma sindinapezeko Ubatizo woposa wanu.

Ndi maganizo omwewa Ambuye Patrick Kalilombe, pamene anali Episkopi wa Lilongwe, anasonkhanitsa Akhristu pa sinodi ya 1973 mpaka 1975, ndipo miphakati inazika mizu m'midzi mwathu. Cholinga chinali chakuti Mpingo ukhale wamoyo m'mudzi masiku onse, ngakhale wansembe atatha miyezi osafika.

Zimene Mkhristu angathe kuchita

Bambo ndi mayi ali ndi ulamuliro wodalitsa ana ao. Angathe kupempha madalitso a Mulungu pa nsima, pa mbewu, pa nazale ya fodya ndi pa chigafa chatsopano. Angathe kuwaza m'nyumba madzi odalitsidwa, amene apatsidwa kwaulere ku tchalitchi. Mantha akadza usiku, angathe kukana Satana ndi ntchito zake zonse, monga analonjezera pa Ubatizo, nachita chizindikiro cha mtanda, nagona tulo. Wodwala akayandikira imfa wansembe ali kutali, iwo amthandize kulapa machimo ake mumtima ndi kumpereka m'manja mwa Mulungu.

Palinso china chachikulu koposa. Khanda losabatizidwa likakhala pafupi kufa, ndipo wansembe palibe, munthu aliyense angathe kulibatiza. Athire madzi enieni pamutu pake katatu, akunena yekha mawu a Ubatizo m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, ali ndi cholinga chochita zimene Eklezia achita. Pambuyo pake akauze abambo ansembe kuti alembe m'buku. Ubatizo umenewo ndi woona, ndipo subwerezedwanso.

Zimenezi zinachitikadi ku Uganda m'chaka cha 1886. Mfumu Mwanga ya Buganda itakwiyira Akhristu, anyamata otumikira kunyumba yachifumu anadziwa kuti imfa yayandikira, ndipo ena mwa iwo anali asanabatizidwe. Mkulu wao, Charles Lwanga, sanali wansembe, ndiponso anali atangobatizidwa miyezi yowerengeka yapitayo. Usiku, mobisa, anatenga madzi nabatiza anzakewo, pamodzi ndi Kizito, wamng'ono mwa onse. Pa 3 Juni 1886 anawatentha ku Namugongo. Papa Paul VI anawalemba m'gulu la oyera mu 1964, onse pamodzi 22. Amene anaphunzitsa anyamatawo anali ansembe a chipani cha White Fathers, chomwecho chimene chinatsegula Mua mu 1902, nichifikanso ku Chiphaso m'boma lathu lino la Kasungu. Katekisimu amene analimbitsa Lwanga ndi yemweyo amene anaphunzira makolo athu.

Malire a mphamvu imeneyi

Tsono chenjerani, abale anga, pakuti nyakwawa ikayamba kudziyesa mfumu, mudzi upasuka. Mphamvu ya Mkhristu ndi ya mwana wopempha kwa Atate ake. Mwana salamula bambo wake, kapena kumuikira tsiku loti ayankhe. Ambuye athu eni ake m'munda wa Getsemani anapempha kuti chikho cha masautso chiwapitirire, koma anagonjera kufuna kwa Atate. Amene akuuzani kuti mwana wanu anamwalira chifukwa chikhulupiriro chanu chinachepa, akusenzetsani katundu amene Mulungu sanakusenzetseni.

Mphamvu imeneyi sigulidwa. M'buku la Ntchito za Atumwi timva za Simoni wa ku Samariya, amene anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mzimu Woyera, ndipo Petro anamdzudzula kolimba. Timvanso za ana asanu ndi awiri a Skeva, amene anayesa dzina la Yesu ngati chithumwa, osamkhulupirira mwini dzinalo, ndipo anathawa ali amaliseche ndi mabala. Nthawi ya msika wa fodya anthu ogulitsa madzi, mafuta ndi timitengo amachuluka, chifukwa adziwa kuti m'matumba mwalowa kanthu. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Chaulere cha Ubatizo muli nacho kale. Musataye thukuta la chaka chathunthu pogula mphepo.

Pali ntchito zina zimene Khristu anasungira ansembe: kupereka Nsembe ya Misa, kukhululukira machimo ndi kudzoza odwala. Mwambo waukulu wotulutsa mizimu yoipa achita wansembe yekha amene walandira chilolezo kwa Episkopi, ndipo asanauchite amayamba wafufuza ngati munthuyo sakudwala matenda ofuna dokotala. Pemphero ndi chipatala sizilimbana, pakuti Mulungu amene amva pemphero ndi yemweyo amene anapatsa anthu nzeru za mankhwala.

Koposa zonse, mphamvu ya pemphero siloza munthu chala. Amene atuluka m'mapemphero nanena kuti Mulungu wamuonetsa mfiti, ndipo mfitiyo ndi gogo wamasiye wa kuseri kwa mudzi, ameneyo sanatumidwe ndi Mzimu Woyera. Ngakhale lamulo la boma la 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti.

Imvani za Benedict Daswa wa ku South Africa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu, katekisiti, ndi bambo wa ana asanu ndi atatu. Kumapeto kwa 1989 ndi kuchiyambi kwa 1990 mphenzi zinatentha nyumba m'mudzi mwao mwa Mbahe. Akuluakulu anapangana kuti aliyense asonkhe marandi 5 kuti akaombeze ndi kupeza amene watumiza mphenzizo. Daswa anakana, nanena kuti mphenzi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimlola kusonkhera imfa ya munthu wosalakwa. Pa 2 Febuluwale 1990 madzulo anamtchingira msewu ndi mitengo, namponya miyala, namupha ndi chibonga iye akupemphera. Anali ndi zaka 43. Eklezia anamtcha Wodala pa 13 Sepitembala 2015. Iye sanaimitse mphenzi kapena kuchita chozizwitsa pamaso pa anthu. Mudzi wonse utagwidwa ndi mantha, munthu mmodzi wobatizidwa anatha kukana, ndipo ndalama zake sizinalowe m'mbale yofunira mnzake imfa.

Tiyambe lero

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musadikire katekisiti kapena wansembe kuti ayambitse pemphero m'nyumba imene Mulungu anaikiza m'manja mwanu. Madzulo ano mukatha kudya, tsitsani Korona pamsomali. Bambo ayambitse, mayi ndi ana ayankhe. Kumene kulibe bambo, mayi kapena gogo ndiye mutu wa pemphero. Tchulani maina a odwala, a ana amene ali kutali kuganyu, a antchito a m'maesiteti amene sanalandire malipiro ao, ndiponso dzina la mnansi amene mumamkayikira. Potsiriza lembani mwana aliyense chizindikiro cha mtanda pamphumi asanagone.

Bambo uja ndinampezanso Lamulungu lina ku tchalitchi chathu chaching'ono, mwana ali pambali pake. Anandiuza kuti tsopano amadalitsa ana ake usiku uliwonse, ndi kuti mnansi wake uja anamthandiza kusoka fodya amene anapulumuka ku matalala. Ngongole ya kabotolo kaja anali asanamalize kubweza.

Amayi Maria, amene anapemphera pamodzi ndi Atumwi podikira Mzimu Woyera, atipempherere ife ndi mabanja athu. Nanunso mundikumbukire m'mapemphero anu.

Ndine mnzanu mwa Khristu,
Katekisiti wa kwa Kapelula