Sewero la Ana Othawa Mabomba

Anzanga, m'masukulu ambiri a pulaimale ku England muli tsiku limene ana amaphunzira mbiri osatsegula buku. Ndifuna ndikufotokozereni za tsikulo, pakuti ife timaloweza zaka za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse ndi maina a atsogoleri, koma za ana amene nkhondoyo inawagwera sitimvako kanthu.

Chiyambi chake n'chotere. Boma la Britain linaopa kuti ndege za Ajeremani zidzaponya mabomba m'mizinda yaikulu monga London, Liverpool ndi Birmingham. Motero pa 1 Sepitembala 1939, kutatsala masiku 2 kuti Britain alowe m'nkhondo, linayamba kusamutsira ana kumidzi. Ntchitoyi anaitcha Operation Pied Piper. M'masiku owerengeka anthu pafupifupi 1,500,000 anachoka m'mizinda, ndipo oposa 800,000 anali ana asukulu amene anapita ndi aphunzitsi awo, makolo atatsala.

Tsono pa tsiku la sewero ana a masiku ano amabwera atavala zovala zachikale, kasutikesi kali m'manja. Pa jekete amamangapo kapepala kolimba kolembapo dzina ndi sukulu, monga muja tichitira ndi katundu wotumiza. Pa phewa amakolekapo kabokosi, pakuti m'kabokosi kotero ndimo ana a 1939 ankasungamo chigoba cha mphira choteteza ku mpweya wa poizoni. Masukulu ena amakakwera nawo sitima zakale za malasha, monga za Severn Valley Railway.

Koma kuvala kokha ine sindikuyesa phunziro. Pamene pagona nkhani m'pamene anawo afika m'holo. Aphunzitsi ndi makolo amadziyesa eni mudzi, ana amaima mondondozana, ndipo akuluwo amayendayenda, kuyang'ana, ndi kuloza mwana amene amfuna. Si zopeka izi ai, zinachitikadi m'midzi yambiri. Mlimi ankasankha mnyamata wa mphamvu woti adzamthandize m'munda, mayi ankasankha mtsikana wamkulupo woti adzagwire ntchito za m'nyumba. Otsalira anali kawirikawiri ana aumphawi ooneka alitsiro, ndi apachibale okana kulekana chifukwa amayi anawalangiza kuti asasiyane. Wolandira mwana mmodzi Boma linkampatsa masheleni 10 ndi makobiri 6 pa sabata.

Taganizani mwana wa zaka 9 ataima pamenepo, anzake akutha mmodzimmodzi, iye osamloza. Adziwa kuti n'sewero, adziwanso kuti mayi akumdutsayo ndi mphunzitsi wake, komabe mtima uyenera kugunda. Mantha amenewo buku silingamupatse. Nkuona ndinena kuti mphunzitsi wanzeru asalole mwana mmodzi kutsala yekha nthawi yaitali, ndipo sewero likatha akhale nawo pansi ndi kuwafunsa zimene anamva.

Pambuyo pake ana amalemba kakalata kopita kwao. Ichinso chili ndi chifukwa: makolo a 1939 sankadziwa kumene sitima ikupita ndi ana awo kufikira kakalata kotero katafika. Ife ogonera pasukulu tidziwa kusowa kwathu pa usiku woyamba, koma tidziwa kumene tili, ndipo tsiku lotsekera sukulu timaliwerengera pa zala. Iwo analibe tsiku loti aliwerengere.

Sitiyenera kuganiza kuti onse anazunzika. Ena anaona ng'ombe koyamba, nadya bwino, nakondana ndi owalerawo moyo wawo wonse. Mabomba atachedwa, ambiri anali atabwerera kwao pofika Januwale 1940, ndipo anachokanso pamene London inayamba kuphulitsidwa mu Sepitembala chaka chomwecho. Apa m'pamene sewero liperewera. Mwana wa sewero amavula kapepala kake belu likalira, napeza amayi ake pachipata. Ena a anawo anabwerera mu 1945 atakula, napeza nyumba itagwa, kapena makolo amene sanathe kuwazindikira.