Mphaka wa mu okala adye zaziwisi?

Mlamu wanga ali ndi okala ku Chilobwe, kumtunda kwa msika mukamalowera cha kuphiri la Soche. Mu okalamo muli wantchito mmodzi amene salandira kanthu pakutha pa mwezi: mphaka wakuda wa mawanga oyera. Chibwerereni mphakayu makoswe adaleka kuboola matumba a ufa ndi shuga, ndipo alamu adasiya kugula mankhwala a makoswe aja amaopsa ndi ana omwe.

Loweruka lapitali ndidawapeza akukangana ndi mng'ono wawo, mnyamata wa ku koleji. Nkhani yake? Chakudya cha mphaka. Mnyamatayu waona pa Facebook azungu akupatsa amphaka awo nyama yaiwisi, ati ndicho chakudya chachilengedwe, ubweya umasalala, mano amayera. Ndiye akuti azimugulira matumbo ndi mitu ya nkhuku pamsika n'kumuponyera osaphika. Alamu akuti ayi, mphaka wawo wakulira mkute ndi msuzi wa ndiwo, sadadwalepo. Onse adatembenukira kwa ine poti ndidapondako ku yunivesite, ngakhale ndidachokako digiri isadapse.

Ndidawauza kuti onse awiri akulakwa. Palibe adakondwa.

Tiyambe ndi alamu. Mphaka si galu. Galu atha kukhalira nsima, koma thupi la mphaka limafuna nyama basi. Mu nyama, makamaka mtima, komanso mu nsomba, muli chinthu chotchedwa taurine chimene mphaka satha kudzipangira chokwanira. Mu 1987 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis adapeza kuti amphaka ambiri amene ankafa ndi mtima wotupa ndi wofooka ankasowa chimenechi, ndipo makampani opanga chakudya cha amphaka adayamba kuchiwonjezera. M'chimanga mulibemo. Mphaka wa alamu ali moyo chifukwa usiku amakadzipezera yekha ndiwo, makoswe ndi abuluzi. Ndipo msuzi uja amamuthirira uli ndi anyezi, pamene anyezi amaononga magazi a mphaka pang'onopang'ono.

Apa mnyamata uja adayamba kumwetulira, kuyesa ndili mbali yake.

Zodyetsa ziweto zaziwisizi zidatchuka ndi dokotala wa ziweto wa ku Australia, Ian Billinghurst, amene adalemba buku la agalu mu 1993, kenaka eni amphaka adatengera. Koma taonani anthu amene amachita zimenezi. Ali ndi firiji yosazima, nyama yoyezedwa, sikelo, ndipo amathiramo mafupa opera ndi mavitamini. Ngakhale zili choncho zimawavuta ndithu. Mu 2018 amphaka a ku Britain, ena osatuluka ngakhale panja, adadwala TB ndipo ofufuza adaloza chala nyama yaiwisi ya m'mapaketi. Mu December 2024 mphaka wina ku Oregon, m'dziko la America, adafa ndi chimfine cha mbalame atadya chakudya chachiwisi chochokera mufiriji.

Nanga ife kuno? Nkhuku yaphedwa m'mawa, matumbo akhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, ntchentche zili ng'waa. Mukafika nawo kunyumba magetsi azima. Tizilombo totsegula m'mimba ngati Salmonella timaswana bwino m'malo otere. Mphakayo mwina sadwala, koma amanyamula, n'kukwera pa kauntala pomwe pali buledi ndi mandasi amene inu ndi ine tigule.

Chimene chidandikweza mawu si zimenezi ayi. Mchemwali wanga, mkazi wa alamuwo, ndi woyembekezera, ndipo ndi amene amakhala mu okalamo tsiku lonse.

Pali kachilombo kotchedwa Toxoplasma kamene kamaikira mazira ake m'matumbo mwa amphaka okha. Mphaka amakatenga akadya nyama yaiwisi, kenaka kwa sabata imodzi mpaka zitatu amataya mazira miyandamiyanda m'chimbudzi chake. Mazirawo amayamba kupatsira matenda pakatha tsiku limodzi mpaka masiku 5, ndipo m'dothi lachinyezi amatha miyezi yambiri ali moyo. Munthu wathanzi nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti kamulowa. Koma mayi akakatenga koyamba ali ndi pakati, mimba itha kupita padera, kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo. Kwa abale athu amene chitetezo cha m'thupi chidatsika chifukwa cha HIV, kachilomboka kamatupitsa ubongo, munthu n'kumakomoka ngati wakhunyu. Ndi nyumba zingati m'Chilobwe, mu Ndirande kapena ku Bangwe zimene mulibe mmodzi mwa anthu awiri amenewa?

"Koma achimwene," adatero mnyamata uja, "nanga makoswe amene amagwirawo mumamuphikira?"

Funso labwino, ndipo sindidalizembe. Zoona, mphaka wosaka atha kukatenga kwa khoswe, ndipo khosweyo ndiye ntchito imene tidamulembera. Izo sitingaletse. Koma n'chifukwa chiyani tiwonjezere dala, tsiku ndi tsiku, ndi ndalama zathu? Ndipo ndisanamizire mphaka yekha: anthu ambiri amatenga kachilomboka pa nyama yosapsa bwino ndi masamba osatsuka. Kanyenya uja timadya ali ndi magazi mkati tikamamwa ndi woopsa kuposa kusisita mphaka. Choncho sindikunena kuti mukamutaye kuthengo. Ndikunena kuti mayi woyembekezera asamawole chimbudzi cha mphaka, azisamba m'manja ndi sopo akagwira dothi, ndipo mulu wa mchenga umene ana amaseweretsa pabwalo uziphimbidwa, chifukwa kwa mphaka amenewo ndiye malo odzithandizira.

Za nsomba nazo muzimve. Nsomba zambiri za m'banja la carp, momwe mulinso usipa ndi matemba athuwa, zikakhala zaziwisi zimakhala ndi mphamvu yoononga vitamini B1. Mphaka wongodya zoterozo amasiya kudya, amayenda dzandidzandi, mutu n'kupindikira pansi. Kwathu kuno, kumene mphaka wakuda amamukayikira kale, ataoneka choncho anthu angothamangira kunena kuti wina wamutuma. Chonsecho moto wokha umathetsa vutoli.

Tidapangana chonchi. Mchemwali akaphula nsima, makala asanazime, pambaula pazikhala kachitini. Muziwira mitima ya nkhuku, nthutumba kapena usipa pang'ono, popanda mchere, popanda anyezi. Madzi ake asatayidwe, mphaka azimwera limodzi, poti taurine uja amasungunukira m'menemo. Chiwindi kamodzikamodzi, chifukwa chikachuluka chimamupweteka mafupa. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amathetheka n'kulasa pakhosi.

Alamu adadandaula kuti mphaka wokhuta aleka kugwira makoswe. Ndidawauza kuti mphaka amasaka ngakhale atakhuta, ndi chibadwa chake, ndipo wanjala ndi amene amasamukira kwa aneba. Adangoti "tiona."

Pamene ndinkatsika kukakwera minibasi ya ku Limbe, awiriwo anali atayamba mkangano wina, wa amene azigula mitimayo. Mphaka anali gone pathumba la ufa.