Kodi Zowonjezera Zogula za M'magemu Zili ndi Phindu?

Pa tchuthi chapitachi ndinataya K12,000, ndipo msuweni wanga, mwana wa amalume, anataya K15,000 imene anaipeza pa ganyu yomenya soya. Sitinaigwetse pa msewu ayi, ndiponso palibe mbala imene inatipisa m'thumba pa msika wa Mponela. Tinaipereka tokha ndi manja athu, tili chikhalire pa mwala kuseri kwa nyumba, pamalo pamene netiweki imagwira bwino m'mudzi mwathu, kumunsi kwa mapiri a Ntchisi. Tinkagula wosewera mpira amene kulibe. Popeza ndikudziwa kuti anzanga ambiri kuno ku seminale akafika kwao amathera tchuthi pa foni ya achimwene awo kapena ya makolo, ndaganiza zofotokoza m'mene malonda amenewa amayendera, kuti nawonso makolo ndi abambo athu ansembe amve chimene mwana akutanthauza akamati akufuna ndalama ya makoini.

Kale gemu inkagulidwa kamodzi. Munthu ankagula katiriji kapena chimbale, n'kulowetsa mu makina, basi zonse zili momwemo. Intaneti itafala, makampani anaona kuti angathe kugulitsa gemu lero, mawa n'kugulitsanso tizidutswa tina towonjezera timene munthu amatitsitsa pa intaneti. Azungu amazitchula mwachidule kuti DLC. Chitsanzo chimene chinatchuka kwambiri ndi cha mu 2006, pamene kampani ya Bethesda inayamba kugulitsa chovala chachitsulo cha kavalo mu gemu yotchedwa Oblivion pa mtengo wa madola awiri ndi theka. Anthu anaseka, ena anakwiya, nati ndani angalipire ndalama kuti aveke kavalo wa pa kanema. Koma ogula anapezeka, ndipo makampani ena anaphunzirapo.

Lero zinthu zinatembenuka. Magemu ambiri amene anyamata amasewera pa foni ku Madisi, ku Mvera kapena ku Malomo ndi aulere powatsitsa. Free Fire ya kampani ya Garena inatuluka mu 2017, PUBG Mobile mu 2018, ndipo mu 2021 kampani ya Konami inasintha dzina la gemu yake ya mpira, PES, kukhala eFootball n'kuyamba kuipereka ulere. Tsono munthu angafunse kuti kampani imadyera pati. Imadyera m'kati mwa gemu momwemo, mu kasitolo kamene kamakutsegukira tsiku lililonse usanayambe n'komwe kusewera.

Zogulitsidwa mu kasitolo kameneka sizifanana, ndipo apa m'pamene ine ndinasokonezekera. Pali zowonjezera zenizeni, zimene munthu amadziwiratu chimene akugula. Mwachitsanzo, kampani ya Nintendo inagulitsa misewu 48 yatsopano ya gemu ya mpikisano wa timagalimoto yotchedwa Mario Kart 8 Deluxe, imene inkatuluka m'magawo mu 2022 ndi mu 2023, pa mtengo wa madola pafupifupi 25. Gemuyo inali ndi misewu 48 kale, choncho wogulayo anaona misewu ikufika pa 96. Malonda otere ndi oonekera, ngati kugula ndowa ya chimanga uli kuiona. Ngati munthu amaikondadi gemuyo, ndipo ndalamayo ndi yake, yosayembekezera ntchito ina, ine sindingamudzudzule. Kungoti kwathu kuno eni makina otere ndi owerengeka.

Palinso zovala, zipewa, mitundu ya mfuti ndi magule a munthu wa m'gemu. Izi sizikuthandiza kupambana. Ntchito yake n'kuti anzako akuone kuti wavala. Sindichedwapo pa zimenezi, chifukwa aliyense amene anaonapo mnyamata akugona ndi njala kuti agule nsapato za pa Khirisimasi akudziwa kale nkhani yake. Kusiyana kwake n'kwakuti nsapato zenizeni umapita nazo ku tchalitchi.

Zimene zinatigwetsa ife ndi za mtundu wina, mabokosi a mwayi. Mu gemu ya mpira imene msuweni wanga ankasewera, munthu sagula wosewera amene akumufuna mwachindunji. Amayamba wagula makoini, kenaka ndi makoiniwo amatsegula bokosi, ndipo m'bokosimo mumatuluka wosewera aliyense amene kompyuta yasankha. Chithunzi cha katswiri wotchuka chimakhala pamwamba pa bokosi, chowala ngati golide, koma amene amatuluka kawirikawiri ndi osewera wamba. Njira imeneyi inakula kwambiri ndi gawo la Ultimate Team limene kampani ya EA inaliyambitsa m'magemu a FIFA mu 2009, ndipo magemu ena ambiri anatengera.

Kuyambira mu 2017 kampani ya Apple, ndipo mu 2019 ya Google, zinalamula kuti magemu a m'masitolo awo azionetsa mwayi wopeza chinthu chilichonse cha m'bokosi. Manambalawo amakhalapo ndithu, koma olembedwa mwa timalemba ting'onoting'ono, kuseri kwa kabatani kamene palibe amakadina. Ine ndinakadina ndalama itapita kale. Tiyeni tichite masamu pang'ono, monga m'kalasi. Tiyerekeze kuti mwayi wopeza katswiri ndi umodzi pa 100. Ambiri amaganiza kuti ukatsegula mabokosi 100 ndiye kuti wamupeza basi. Si choncho ayi, ngati bokosi lililonse likuyambira pachiyambi osakumbukira linzake. Ukachulukitsa 0.99 maulendo 100 umapeza pafupifupi 0.37. Ndiye kuti mwa anyamata 100 amene aliyense watsegula mabokosi 100, pafupifupi 37 adzabwerera chimanjamanja. Ife tinatsegula khumi okha.

Dzina la chinthu chotere pa Chichewa ndi juga. Si ine ndekha amene ndikutero. Mu 2018 bungwe loyang'anira za juga m'dziko la Belgium linagamula kuti mabokosi ogulidwa ndi ndalama m'magemu ena, kuphatikizapo FIFA 18, akuphwanya malamulo a juga a dzikolo, ndipo mu Januwale 2019 kampani ya EA inasiya kugulitsa mapointi a FIFA kumeneko. Maiko ena sanafike pamenepo, ndipo makampani amatsutsa, amati si juga chifukwa m'bokosi mumatuluka kanthu nthawi zonse. Koma amene anamvapo mtima ukugunda pamene bokosi likutseguka pang'onopang'ono, nyali zikuthwanima, ng'oma zikulira, akudziwa kuti kumva kwake n'kofanana ndi kwa munthu amene wabetcha. Kuno kwathu mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kulowa mu shopu ya zobetcha. Foni ilibe mlonda pakhomo.

Chinanso chimene ndinachizindikira mochedwa ndi chifukwa chake amatigulitsa makoini, madayamondi kapena mapointi m'malo mongolemba mtengo wa ndalama. Munthu ukaona K5,000 umakumbukira sopo, makope ndi shuga. Ukaona makoini 250 sukumbukira kanthu. Ndiponso mipukutu ya makoini kawirikawiri siigwirizana ndi mitengo ya zinthu: ukagula chimene umafuna pamatsala tochepa tosakwanira kugula china, ndipo totsalato timakuvutitsa mpaka uwonjezere. Pamwamba pake amaika wotchi yowerenga chobwerera, kuti mwayi uwu utha m'masiku atatu. Kuti makampani angathe kupitirira malire si nkhambakamwa. Mu Disembala 2022 kampani ya Epic Games, eni ake a Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni pa mlandu umene bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linaiimba, ndipo madola 245 miliyoni mwa ndalamazo anali obwezera anthu amene anagula zinthu mosafuna chifukwa cha m'mene mabatani anaikidwira.

Tsono tibwere kwathu. Mitengo yonseyi imayambira pa dola. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Pa mtengo umenewo, chovala cha kavalo chija chimene azungu ankachiseka chikanakhala K4,250. Mwana wa ku London akagula makoini a madola khumi ndiye kuti wadya ndalama ya chakudya cha masana. Mwana wa ku Dowa akagula omwewo ndiye kuti wadya thukuta la masiku angapo m'munda wa fodya. Apo sitinawerenge bandulo, poti magemuwa amafuna kutsitsa zatsopano pafupipafupi, mwinanso zoposa gigabaiti imodzi, ndiponso ndalama yotchajitsa foni pa sola ya pa golosale.

Vuto lina ndi njira yolipirira. Masitolo a pa intaneti amafuna khadi ya ku banki yogwira ntchito kunja, imene mnyamata wa kumudzi alibe. Chimene ali nacho ndi Airtel Money kapena Mpamba. Pachifukwa chimenechi pabuka anthu apakati, amene amalengeza m'magulu a WhatsApp kuti utumize ndalama pa foni, iwo akugulira makoini. Ena ndi okhulupirika, amangodyapo kangachepe. Koma ambiri amafuna uwapatse dzina ndi mawu achinsinsi a akaunti yako kuti alowemo, ndipo ukatero wapereka kiyi ya nyumba kwa munthu amene sunamuonepo nkhope.

Ife zinatichitikira motere. Ulendo woyamba msuweni wanga anatumiza K15,000 yake, makoini anabweradi, tinatsegula mabokosi khumi aja, katswiri osatuluka. Madzulo ake anandipeza ndikukonza chikwama. Anati, "Asuweni, watsala pang'ono kutuluka ameneyu, ndikumumva. Tandibwerekani ya thiransipoti yanuyo, ndikubwezerani ndikagulitsa nkhuku." Ndikanakonda kulemba kuti ndinamukaniza. Zoona zake n'zakuti inenso mtima unali dyokodyoko, ndinkafuna kuona. Ndinatenga K12,000 pa ndalama imene amayi anandipatsa ya ulendo wobwerera ku sukulu. Munthu wapakati uja analandira, nayankha kuti tidikire pang'ono netiweki ikuvuta. M'mawa mwake nambala yake sinkapezekanso, ndipo akaunti ya msuweni wanga inali itasinthidwa mawu achinsinsi. Timu yonse imene anaimanga kwa chaka chathunthu inapita limodzi ndi ndalama. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ngakhale munthu uja akanakhala woona mtima, pali funso limene sitinadzifunse: kodi chimene wagula m'gemu ndi chako? Ukagula njinga, ungathe kuigulitsa, kuibwereketsa kapena kusiyira mng'ono wako. Za m'gemu zimakhala pa makompyuta a kampani, ndipo chimene walipira ndi chilolezo chongogwiritsa ntchito. Kampani ikatseka makompyutawo, zonse zathera pomwepo. Pa 31 Malichi 2024 kampani ya Ubisoft inatseka gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew, imene inatuluka mu 2014, ndipo ngakhale amene anaigula ndi ndalama zawo sanathenso kuisewera. Magemu a mpira nawo ali ndi msampha wawo: nyengo yatsopano ikayamba pamabwera makadi a osewera amphamvu kuposa akale, kotero katswiri amene unamuvutikira chaka chatha amasanduka wa pa benchi.

Kwa makolo ndinene izi. Si mwana aliyense wogwira foni amene walowerera. Bungwe la World Health Organization linavomereza mu 2019 kuti kulowerera m'magemu ndi matenda, koma limanena za munthu amene walephera kudziletsa kwa nthawi yaitali, kawirikawiri chaka chathunthu, mpaka sukulu, ntchito ndi ubale wake ndi anthu zasokonekera. Kusewera mpira wa pa foni ukaweruka ku munda sikusiyana kwenikweni ndi bawo wa pansi pa mtengo wa mango. Choyenera kuyang'anitsitsa ndi ndalama. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni isadziwike kwa ana, ngakhale amene mumawatuma kwa ejenti. Mauthenga a ndalama zotuluka muziwawerenga. Ndipo mwana akapempha ya makoini, mufunseni kuti akuonetseni chimene adzalandire. Akatha kuloza chinthu chimodzi chodziwika ndi mtengo wake, mungakambirane. Akayamba kunena kuti mwina mutuluka wakutiwakuti, dziwani kuti ndi bokosi la mwayi.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa amalume kukaulula, poti amayi ndinkachita nawo manyazi. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu, kenaka anafunsa kuti, "Tsono wosewerayo, mukanamupeza, bwenzi akugona nyumba iti?" Sindinayankhe. Anandipatsa K12,000 ya ulendo, koma anati si mphatso. Ine ndi msuweni wanga tinathera masiku anayi omaliza a tchuthi tikututa manyowa pa ngolo kuchokera ku khola kupita ku dimba la kudambo. Amayi anamva nkhaniyi kwa azakhali ndisananyamuke, ndipo pondiperekeza ku siteji anangondipatsa ndalamayo m'manja mwa kondakitala, osati mwanga.

Msuweni wanga anatsegula akaunti ina. Timu yake yatsopano ndi ya osewera aulere okhaokha, amene gemu imapereka ukapambana masewero angapo, ndipo goloboyi wake sindinamumvepo dzina. Usiku woti mawa ndinyamuka tinasewera katatu pa mwala uja. Anandichinya kawiri, ulendo wachitatu foni inathima moto tili 1-1.