Kuchepetsa Madzi Owazikira Apaulendo m'Boti la Katamarani

Katamarani ndi boti lopangidwa ndi mabwato awiri oonda amene amalumikizidwa pamwamba ndi malo okhalapo anthu, ndipo ngakhale kuti limakhazikika bwino pamadzi, laling'ono loyendera injini limanyowetsa apaulendo kawirikawiri. Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi mpata wa pakati pa mabwato awiriwo, pakuti boti likagwera pafunde, mpweya wopanikizika mumpatamo umatulukira kutsogolo pamodzi ndi madzi, kenako mphepo imabwezera madziwo pa anthu, ndipo oyendetsa maboti amati boti layetsemula.

Amisiri amamata timizere totumphuka m'mbali mwa bwato lililonse kuti madzi azithawira pansi ndi kunja, koma chofunika kwambiri ndi kagawidwe ka katundu, chifukwa anthu akaunjikana kutsogolo, mutu wa boti umatsika ndipo mpata uja umachepa. Woyendetsa wosamala amakhazika anthu chapakati, amapendeketsa injini kuti kutsogolo kudzuke pang'ono, ndipo amasintha liwiro molingana ndi mafunde. Kutsekeratu kutsogolo ndi galasi kumakokanso madzi ndi utsi kuchokera kumbuyo, choncho kawindo kamodzi kayenera kukhala kotsegula kuti mpweya uzidutsa.