Tulo tiwiri ta kompyuta: Sleep ndi Hibernate

Aliyense amene anakulira m'dziko la a Mfumu Bundabunda, kum'mawa kwa Chongwe kumene msewu wa Great East Road udutsa pa akasupe otentha a Chinyunyu, adziwa kuti chimanga choyanika pamphasa ndi chimanga cha m'nkhokwe, ngakhale zichokera m'munda umodzi, sizisungika mofanana. Pakuti cha pamphasa chifuna mwana wochilondera kuti nkhuku ndi mbuzi zisachimwaze, pamene cha m'nkhokwe mwini wake angachisiye, napita ulendo wa mwezi wathunthu, nadzachipeza monga anachisiyira. Asoli a kuno, amene chaka ndi chaka achita mwambo wa Chibwela Kumushi pokumbukira kubwerera kumudzi zokolola zitatha, safunika kuwaphunzitsa zimenezi. Tsono nzeru yomweyi ndiyo ifunika pa makina amene alowa m'masukulu mwathu.

Kompyuta ili ndi mphasa yake ndi nkhokwe yakenso. Mphasayo ndiyo RAM, pamene makina ayala zonse zimene munthu ali kugwirapo ntchito panthawiyo, kaya ndi kalata yosatha kulemba kaya mndandanda wa mamalikisi a ana. Nkhokwe ndiyo disiki, imene isunga zinthu ngakhale magetsi, amene kuno tiwatcha malaiti, atazima. RAM ya masiku ano, imene njira yake anaitulukira Robert Dennard wa kampani ya IBM cha m'ma 1960, isunga chilichonse ngati timadontho ta mphamvu ya magetsi tosakhalitsa, totha kuuma msanga koposa mame a m'mawa, kotero kuti makina ayenera kutidzazanso koposa ka 15 pa sekondi imodzi. Ndipo magetsi akangoduka, ngakhale kwa kamphindi, zonse zinali pamphasapo zifafanizika.

Munthu akasankha Sleep, kapena akangotseka chivundikiro cha laputopu, makina azimitsa galasi ndi ziwalo zake zambiri, koma asiya kamoto pang'ono kodyetsa RAM, monga mayi afotsera chikuni m'phulusa kuti m'mawa asakapale moto kwa anzake. Ndicho chifukwa chake kompyuta yogona motere idzuka m'masekondi owerengeka, ndiponso ndicho chifukwa chake ipitirira kumwa batire pang'onopang'ono usiku wonse.

Hibernate ndi tulo ta mtundu wina. Dzinali Azungu analitenga kwa nyama za kwawo zimene zigona nyengo yonse yozizira. Ife tikadatchula nkhono, imene m'chilimwe imata khomo la chigoba chake nidikira mvula. Apa makina atola zonse za pa RAM, nazilemba pa disiki m'failo imodzi yaikulu, imene pa Windows itchedwa hiberfil.sys, nazima kotheratu. Mungazule waya kukhoma, mungachotse batire, mungapite kumaliro masiku asanu. Pobwera mudzapeza kalata yanu yotseguka pa mzere womwewo munalekezera. Mtengo wake ndi uwu wokha, kuti failoyo idya malo pa disiki, ndipo kudzuka kwake kuchedwerapo, makamaka pa makina akale. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Magawo a tulo tiwiriti anakhazikitsidwa mu 1996 ndi makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba, amene anawatcha S3 ndi S4.

Kumaiko kumene magetsi sazima, kusiyanaku ndi nkhani yaing'ono. Kwathu kuno si yaing'ono ayi. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atatsika m'damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pozimitsa magetsi mpaka maola 21 pa tsiku. Ndipo ngakhale pasukulu yodalira sola, batire imene yadyetsa makompyuta ogona usiku wonse ifika m'mawa itafooka, ana asanayambe n'komwe phunziro la Computer Studies, limene a Giredi 9 anayamba kulembera mayeso mu 2015. Laputopu ili nako kothawira, popeza ili ndi batire yakeyake, ndipo kawirikawiri ikaona kuti mphamvu yatsala pang'ono ilowa yokha mu Hibernate. Koma kompyuta ya patebulo ilibe chotere: ikagona tulo ta Sleep, malaiti n'kupita, ntchito yosasungidwa yapita nawo, pokhapokha ngati munatsegulidwa Hybrid Sleep, njira imene inabwera ndi Windows Vista yosiya zinthu pa RAM ndi kuzilembanso pa disiki nthawi imodzi. Ine ndiyesa chinthu chomvetsa chisoni kuti mphunzitsi amene wachezera kulemba mafunso a mayeso awataye chifukwa cha batani limene palibe anamulongosolera.

Chenjezo linanso likhudza amene ayenda ndi laputopu m'chikwama pa basi ya ku Lusaka. Makina ena atsopano sagona tulo tatikulu pa Sleep, ndipo angathe kudzuka m'chikwamamo, natentha, nafika batire itatheratu. Paulendo wotere Hibernate ndiye woyenera.

Pa Windows 10 ndi 11 Hibernate nthawi zambiri saoneka pa mndandanda wozimitsira kufikira mwini atamuika, polowa mu Control Panel, pa Power Options, pamene asankhira ntchito ya mabatani. Ndipo tulo tonse tiwiri sitilowa m'malo mwa kudina Save, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Inu aphunzitsi a ku Chinyunyu ndi midzi yozungulira, mukatuluka kukamwa madzi gonekani makina pa Sleep. Koma mukaweruka, sungani ntchito yanu, musankhe Hibernate, muzimitse ndi pakhoma pomwe, ndipo muwaonetse ana anu zimenezi sabata yomwe ino.